Mtsempha wa m'mwendo wa Filipo

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Kuno ku Kaphuka chisanu chatikhaulitsa, koma mbatatesi yachita bwino kudimba. Mdzukulu wanu Agnesi wabereka mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Watenga makutu anu, ndi ukali womwe. Zipani nazo zachuluka. Pamsika wa Mayani munthu akumanyoza boma mokweza, osacheuka n'komwe. Inu mukanatseka makutu.

Chandigwiritsa cholembera ndi mwana wanu wapamtima uja, mng'ono wanga Filipo. Sabata yatha kunabwera mwana wake Esinati kuchokera ku Joni. Ndi namwino. Chichewa chake n'chopindika, koma kugwada amadziwa. Akuti njira za magazi za kumtima kwa bambo ake zinatsekeka. Madokotala anang'amba mwendo, n'kusololamo mtsempha, n'kukausokerera pamtima kuti magazi azilambalala potsekeka paja. Amayi, ndinamuuza kuti abwereze. Mtsempha wa m'mwendo, wozolowera fumbi ndi chisoso, lero ukugwira ntchito m'chifuwa! Ndinaganiza za mapichesi amene ndimamezanitsa kuseri kwa nyumba. Nthambi ina imagwira, ina imauma, chonsecho mpeni ndi womwewo, dzanja ndi lomwelo. Chifukwa chake sindinachidziwepo.

Akuti kwa anthu n'chimodzimodzi, makamaka okalamba. Ena mtsemphawo umawasunga zaka zambiri, ena umayambanso kuthina. Wa Filipo wayamba. Tsono pali madokotala amene akufufuza ngati chothinitsacho chili m'zimene munthu amatengera kwa makolo. Akufuna magazi a abale a bere limodzi kuti ayerekeze. Achemwali onse anakutsatirani, ndiye wotsala ndine.

“Bambo aakulu,” anatero Esinati, “ndi kabotolo kamodzi basi, ngati chala changachi.”

Ndinamufunsa ngati bambo ake achire nako.

“Ayi, iwo sapindula. Mwina adzukulu anu, m'tsogolo.”

Ndinamukonda mwanayu chifukwa sananame.

Mpongozi wanu Naphiri wakanitsitsa. Akuti, “Magazi akapita ku Joni amakawagulitsa. Komanso inu, bambo ake a Agnesi, mwatsala ndi angati oti muzigawa? Mukagwada kudimba mumadzuka ndi khasu ngati ndodo.” Ndinamuyankha kuti udzudzu wakhala ukunditapa chibadwire osapempha, ndipo ndilipobe.

Koma changa ndi china, ndipo mukuchidziwa. Munanditulutsa sukulu ndili Sitandade 3, pamene ndinali nditayamba kumene kukonda masamu. Munkati, “Sitefano ndi wa manja, Filipo ndi wa mutu.” Ndinaweta ng'ombe zimene zinamuphunzitsa. Pamaliro anu sanabwere, ankati akuopa boma. Boma lija linachoka, iye sanabwerebe, ngakhale kudzangoona pamene tinakugonekani. Lero mtima wamuvuta, ndiye wakumbuka kuti kumudzi kuli magazi ake. Ndinafuna kumubweza mwanayu chimanjamanja, akawauze bambo ake kuti wa manja uja manja ake ndi otanganidwa.

Chandilepheretsa si chifundo ayi, ndisakunamizeni. Ndi kufuna kudziwa. Ndikamapalira, mutu umangobwerera komweko. Mukukumbukira mmene munkaimira pachitunda tikamachokera kotola nkhuni ku Chongoni? Munkagwira pachifuwa n'kunena kuti, “Ndi mphepo chabe, tiyeni.” Kodi chinali chomwechi? Munachitenga kwa agogo? Nanga chimakhala pati m'magazimo, poti ine ndikadzicheka ndi chikwanje ndimangoona kufiira? Esinati akuti m'kadontho kamodzi muli malangizo onse a thupi la munthu, ena ochokera kwa inu, ena kwa atate. Ndiye kuti mbali ina ya inu sitinaikwirire, ikuyendabe m'mikono mwangamu. Tsono nthenda imeneyi munatigawira tonse awiri, kapena pamenepanso munasankha Filipo?

Ndavomera, Amayi. Lachinayi ndikwera naye basi kupita kuchipatala cha pa boma kuti akanditape. Naphiri akuti andiperekeza kuti akaone ndi maso ake kukula kwa botololo.

Ndangopempha chinthu chimodzi. Ndamuuza Esinati kuti poti madokotalawo akhala akuyang'ana kale magazi athu awiri pamodzi, aonenso ngati mutu wa sukulu unali mwa Filipo yekha. Anaseka, n'kunena kuti zimenezo magazi sanena. Ataona kuti ine sindikuseka, anagwira dzanja langa.

“Ndikawafunsa, bambo.”

Mwina sadzayankha. Mwina yankho lili ndi inu nokha. Koma ndikukulonjezani kuti tsiku ndidzafike kumeneko sindidzayamba ndi nkhani imeneyi. Ndidzayamba ndagwada, n'kukupatsani moni bwinobwino. Kenako mudzandiuze.

Ndine mwana wanu woyamba, wokukondanibe,
Sitefano