Chokolo Pasaka Ikapita

Lolemba, 3 Malichi 1947

Miyezi inayi chimwalirire amuna anga a Blasius. Masamba otsala m'kope lawo la katekisimu ndilembamo ine. Lero akuchimuna anakumana. Mawu amodzi: Pasaka ikapita, ndilowe chokolo kwa alamu anga a Hilary. Ndikakana, njira ya kwathu ndikuidziwa, koma ana atatu atsala. Ng'ombe za malowolo zinapita kale kwathu. A Hilary ali nawo akazi, a Ethel. Mitala. Ukalistia ndiye kuti ndausiya.

Lamulungu, 9 Malichi

Misa itatha, Asisitere achizungu anatiphunzitsa za akazi a mpingo woyamba. Amasiye amene anakana kukwatiwanso, ntchito yawo kupemphera ndi kusamala odwala. Wina ku Iguputo anadzitsekera m'manda zaka khumi, chakudya kulandirira pa kabowo. Kani alipo anakanapo! Ndayamba kusala, kudya kamodzi dzuwa likapendeka.

Lachinayi, 13 Malichi

Kupalira mbatata ku Rivirivi. Chizungulire, ndinakhala pamzere. Khanda langa Ambrose kulira kosatonthola. Bere lilibe kanthu.

Lachisanu, 14 Malichi

A Ethel anabwera ndi phala la mawere. "Mlamu, Mulungu wanuyo wakuuzani muphe mwana?" Ndinamwa, manyazi ali tho. Potuluka anati, "Musayese ine ndikufuna. Nanenso sanandifunse."

Lachiwiri, 25 Malichi

Ku mishoni wapansi, Ambrose kumsana. Ndinagwada kwa Asisitere, anditenge, ngakhale wochapa zovala. Anandidzutsa bwinobwino. Usisitere ndi wa anamwali. Wochapa alipo kale. Woyamwitsa alibe pomuika.

Bambo Mfumu akuti, "Limbani, Martina. Oyera aja analimba." Ndinafunsa ngati oyerawo anali ndi ana. Akuti ena anali nawo, mmodzi anakwera chombo mwana wake akulira padoko, osacheuka. Anandiuza ngati nkhani yabwino.

Njira yonse yobwerera ndinkangoona mwana wapadokoyo. Anagona kwa yani tsiku limenelo?

Lachitatu, 26 Malichi

Mwana wanga Bernadetta wamva kwa anzake kuchitsime kuti ndinakapempha malo kwa Asisitere. Wangobisa mpango wanga wa ku tchalitchi kudenga, kuti ndisachoke. Zaka zisanu ndi ziwiri!

Loweruka, 29 Malichi

A Hilary ayamba kudula mitengo ya nyumba yanga, pafupi ndi ya a Ethel. Si munthu woipa. Ndinawapempha andisunge ngati mlongo wawo, nyumba yokha. Anayang'ana pansi. "Mudzi undiseka, mlamu." Nkhwangwa tsiku lonse. Mbatata ikufuna mvula.

Lachisanu Loyera, 4 Epulo

Kulapa. Ndinaulula tchimo limene sindinachitebe, la mitala. Bambo Mfumu akuti la mtsogolo sangakhululuke. Anandifunsa katatu ngati ndasintha maganizo. Katatu ndinati iyayi, ana sindisiya.

Pasaka, 6 Epulo

Ndalandira Ukalistia. Ndinapita kumapeto kwa mzere kuti ndichedwe. Ndinausunga palilime mpaka unasungunuka wokha, osameza. Amayi anzanga akuimba Aleluya, ine pakamwa tsekeni. Kuyambira Lamulungu likudzali malo anga ndi kumbuyo, pakhomo, pamene amakhala a mitala. Ndinawayang'anitsitsa lero, akazi asanu ndi mmodzi. Kale sindinkawawerenga. Mmodzi anasendera, kusiya malo pamkeka.

Tsamba lomaliza ili, malo atsala pang'ono. Nyumba afolera dzulo. Mwana wanga Lilian akusewera m'menemo, akuti ndi yokongola. A Ethel akuitana kuti tikazire pansi dothi lisanaume, ndi