Moni wa dzanja lamanzere wandiyambanitsa ndi apongozi

Aphungu,

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa ndikayamba ndi vuto mungandiyese munthu wokonda kudandaula, chonsecho mtima wanga ndi wodzaza ndi chiyamiko.

Ndine bambo wa mwana mmodzi, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi. Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, mabedi. Mkazi wanga anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Maliro atatha, mwanayu anangoti zii. Kale ankalongolola ngati wailesi, koma tsopano akaweruka kusukulu ankangolowa kuchipinda n'kudzitsekera. Ukamufunsa kanthu, yankho linali "eya" kapena "ayi", basi. Apongozi anga, mayi ake a malemuwo, anasiya nyumba yawo n'kubwera kudzakhala nafe. Iwo ndi amene amaphika, kuchapa ndi kumuluka tsitsi.

Chaka chatha mnzake wa m'kalasi anamukokera ku gulu la masikauti la pasukulu pawo. Kunena zoona, ine ndinkawaderera anthu amenewa. Ndinkati ntchito yawo ndi kuguba padzuwa ndi kunyamula mipando pa misonkhano ya akuluakulu. Ndinangolola kuti mwina mwana akapitidweko mphepo.

Aphungu, mtsogoleri wa gululi, mphunzitsi amene ana anawapatsa dzina loti Mayi Wezulo, anandibwezera mwana wanga. Mmene anachitira sindikudziwa. Ndinangoona mwana wayamba kumanga mfundo pa chingwe choyanikira zovala, kenako pa miyendo ya mipando, mpaka m'mawa wina ndinalephera kumasula thumba langa la zipangizo. Iye anaima pakhomo akundiseka. Kanali koyamba kumva kuseka kwake chimwalirireni mayi ake, ndipo ndinatuluka panja kuti asaone misozi yanga.

Tsiku lina lata litandicheka pamkono kuntchito, nditafika kunyumba mwanayu anavula kansalu kake ka m'khosi n'kundimanga bwinobwino, uku akundikalipira kuti, "Adadi, magolovesi aja munagula kuti azikongoletsa khoma?" Panopa amati sikauti salola tsiku kudutsa asanathandize munthu, moti mayi wogulitsa masamba mumsewu mwathu sasenzanso dengu yekha.

Vuto linabwera Loweruka lapitali. Mwana anachita lonjezo lake la usikauti, anamuveka baji, ndipo anabwera kunyumba mapazi osagunda pansi. Pabalaza panali alendo, amayi a kutchalitchi kwa apongozi. Analowa ndi yunifolomu yake, analunjika kwa agogo ake n'kuwatambasulira dzanja lamanzere. Apongozi analiyang'ana ngati lagwira zonyansa, ndipo analisiya lili m'malere. Mmodzi mwa alendowo anati, "Ndinkanena ine, magulu a zizindikiro awa." Mwana anayesa kufotokoza kuti, "Agogo, ife timapatsana lamanzere chifukwa lili pafupi ndi mtima. Timapatsa munthu amene timamukhulupirira." Apongozi anangoti, "Mwana wanga sanakuphunzitse zimenezo," n'kulowa kukhitchini.

Alendo atapita apongozi anandiitana. Anati, "Abambo, musankhe. Kaya asiye zausikautizi, kaya ine ndibwerere kwathu. Sindingakhale m'nyumba imene mwana akulandira mwambo wina ine ndili pompano." Akuti anamva kuti maguluwa ali ndi zachinsinsi: moni wawowawo, zala zitatu m'mwamba, komanso kutengera ana kutchire kukagona. Chikwama chawo achitsitsa kale pamwamba pa kabati.

Mwezi wamawa gulu likupita kukagona ku kampu kutchire, ndipo mwana wasankhidwa kutsogolera anzake. Koma chichitikireni zimenezi wabwerera kuchipinda kuja, chitseko chotseka. Ndawauza apongozi kangapo zabwino zonse zimene Mayi Wezulo atichitira, koma ndikangotchula dzinalo nkhope yawo imagweratu. Sindikufuna kutaya apongozi, ndiponso sindingapirire kuona mwana wanga atazimanso. Ndichite chiyani?

G.C., bambo wowotcherera zitsulo

Bambo G.C.,

Pepani ndi imfa ya mayi a kunyumba, ndipo zikomo polemba kalata yoyamba ndi kuthokoza. Zotere sizifika kawirikawiri pa tebulo panga.

Ndisazungulire: mwana asasiye usikauti, apongozi asapite. Zonse ziwiri n'zotheka, koma ntchito yaikulu ili ndi inu.

Tiyambe ndi dzanjalo. Moni wa lamanzere si ufiti ayi. Usikauti unayamba zaka zoposa zana zapitazo kutsidya kwa nyanja, ndipo anauyambitsa anali msilikali. N'chifukwa chake muli yunifolomu, kuguba ndi sawatcha. Zala zitatu zija zimaimira mbali zitatu za lonjezo lawo: kutumikira Mulungu ndi dziko, kuthandiza anthu ena, ndi kusunga malamulo a gulu. Za lamanzere, anthu amafotokoza mosiyana. Ena amati mtima, monga ananenera mwana wanu. Ena amati wankhondo wakale ankagwira chishango kumanzere, ndiye kupereka dzanja limenelo kunali kutula chishango pansi pamaso pa munthu amene sukumuopa. Zonsezi amaphunzitsa poyera, masanasana, pabwalo la sukulu.

Komabe mwana analakwitsa. Moni umenewo ndi wa masikauti okhaokha, ndipo agogo ake sanavalepo kansalu m'khosi. Iwo anaona mdzukulu akuwanyoza pamaso pa anzawo a kutchalitchi, anthu oti nkhani sagona nayo. Muuzeni mwanayo mofatsa kuti mtima unali wabwino koma dzanja linasochera. Akapepese ndi manja awiri, mwa ulemu umene mayi ake anamuphunzitsa. Ulemu uli m'malamulo a usikauti omwewo, ndiye sakuphwanya lonjezo lililonse.

Tsopano inuyo. Mayi Wezulo mwawayamika mpaka ine ndalakalaka kuwaona. Apongozi mwawapatsa kamzere kamodzi: amaphika, kuchapa ndi kuluka tsitsi. Bambo, mayi ameneyu anaika mwana wake m'manda, anatseka nyumba yake, n'kukhala miyezi yambirimbiri akugogoda pa chitseko cha mdzukulu wosayankha. Chitseko chitatseguka, ulemu wonse wapita kwa mayi wina, ndipo inu mukuimba dzina la mayiyo pa tebulo lomwelo limene iwo aikapo chakudya. Atanena kuti mwana wawo sanaphunzitse zimenezo, nkhani sinali ya dzanja lokha. Akuopa kuti chotsala chokha cha mwana wawo chikuwapulumuka m'manja. Zachinsinsi zija angotolera kwa alendo aja chifukwa n'zosavuta kunena kusiyana ndi kunena kuti zikuwapweteka.

Choncho lekani kuwalalikira za ubwino wa gulu. Khalani nawo pansi awiriwiri, popanda alendo, muwauze zimene simunawauzepo: kuti popanda iwo sipakanakhala mwana woti Mayi Wezulo amudzutse. Munene ndi pakamwa, osati kungowagulira nsalu n'kuyesa kuti amva. Za chikwama musatchule, ndipo musachibise.

Mukatero, pemphani Mayi Wezulo abwere kunyumba. Asavale yunifolomu, wezuloyo asiye kusukulu. Adzapereke moni ndi lamanja, ndipo chilolezo cha ku kampu adzapemphe kwa agogo, inu mutakhala chete pambali. Munthu amene anatha kuseketsa mwana wofedwa sangalephere kucheza ndi mayi wachikulire. Apongozi afunse zonse zimene zili kumtima kwawo.

Ndipo nkhawa yawo ya kutchire ija musaiseke, chifukwa pamenepo akuona patali kuposa inu. Kumayiko ena zamvekapo kuti akuluakulu ena a magulu otere anazunza ana amene makolo anawapereka ndi mtima wonse. Chiyamiko chisakutsekeni m'maso. Funsani kuti atsikana akagona pati, akuluakulu aakazi akakhalako kapena ayi, akulu a sukulu akudziwa za ulendowu, nanga mwana atafuna kuimba foni kunyumba angathe? Mtsogoleri wabwino sakhumudwa ndi mafunso otere, amachita kuwayembekezera. Mayankho akakhala ozembazemba, mwana asapite ku kampu imeneyo, ngakhale mumawayamika chotani aphunzitsiwo.

Apongozi sasintha tsiku limodzi, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma pamene mukudikira, chenjerani ndi chinthu chimodzi. Tsiku lina mudzatopa ndi kukhala pakati, ndipo mudzafuna kumuuza mwanayo kuti asankhe yekha, agogo ake kapena gulu lake. Musadzatero. Mtolo umenewo ndi wanu. Mwana wanu anataya kale mayi mmodzi popanda womufunsa, ndiye musamuike poti athamangitse wachiwiri ndi pakamwa pake.

Aphungu