Chibwibwi changa m'kamwa mwa Estere

Lachitatu madzulo. Tsiku lowawa, mpaka pano mtima sunakhale m'malo.

Lero inali nthawi yanga yoyeserera kuphunzitsa. Pakoleji pano mmodzi amaima kutsogolo ngati mphunzitsi, ena onse amasanduka ana a Sitandade 2, amadamu otiphunzitsa n'kumalemba malikisi kumbuyo.

Estere yekha ndiye amadziwa za chibwibwi changa. Tonse kwathu ndi ku Jenala, timagona chipinda chimodzi, kalongonda amene amayi amanditumizira timadyera mbale imodzi. Ndinamuuza ndekha kuti ndikachita mantha mawu amakakamira, n'chifukwa chake ndimayamba ndapuma kaye ndisanayankhule.

Phunziro limayenda bwinobwino. Kenaka Estere anakweza mkono, n'kunena ndi timawu ta kamwana, "Ma-ma-madamu, bwe-bwe-bwerezaninso!" Onse anafa nalo phwete. Ine lilime gwa! Choko ndinachiponya pansi n'kutuluka.

Amadamu andidula malikisi. Akuti mphunzitsi wosaugwira mtima, ngakhale atakhoza mayeso onse, ana adzamuthamangitsa m'kalasi. Mwina akunena zoona. Koma Estere amuyamikira kuti wasewera bwino mwana wovuta.

Kuchipinda Estere akuti, "Iwenso, si zocheza zija? Ndimakukonzekeretsa, ana enieni sadzakumvera chisoni." Akunena zimenezi uku akutafuna kalongonda wa amayi anga.

Lachisanu adzaphunzitsa ndi iyeyo, ine ndidzakhala mwana. Nanenso ndikudziwa chimene chimamuliza, anandiuza yekha. Mkono wangawu, kaya ndidzaukweza, kaya...