Kochi Watsopano wa Chifuniro

Achimwene a Maynard,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Biriwiri tilipo, tikukumba mbatata ya kachewere.

Chichokereni inu, masapota a timu ya mpira ya kukoleji sakumvana. Ena akuti kukalipa kwanu kuja ndiye kunali ukochi, poti anyamata ankathamanga ndi mantha. Ena akonda a Cedric, kochi watsopano, amene amanong'oneza wosewera akalakwitsa. Mwana wanu Chifuniro, yemwe munkamuzazira pagulu, ndiye akugawa mipira pakati tsopano. Loweruka atagoletsa, anathamangira kukakumbatira a Cedric.

Ine mtima sukukhala pansi. A Cedricwo amamuperekeza mnyamatayu mpaka kunyumba kwanu, ndipo alamu amawatulutsira mpando wanu uja wapakhonde. Zinazo sindilemba.

Mubwere mvula isanagwe.

Ndine mng'ono wanu,
Julius