Ndinayankha M'malo mwa Amayi

Lisungwi, Neno
16 Okutobala 2024

Mlongo wanga Lonjezo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Karongako. Kodi chifuwa cha Tadala chija chinatha? Ife kuno tadzuka, kungoti dzuwa latikwana, ndipo miyendo ya ababa ikupwetekabe.

Usadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pafoni iwe umangopereka moni, ababa akati ali bwino, basi wadula. Ine ndili ndi nkhani yosaneneka iwo ali pambali panga.

Loweruka lapitali a kwaya ya kumpingo kwathu anakonza ulendo wa tsiku limodzi wokaona kasupe wa madzi otentha ndi mathithi kumapiri kuja. Ndinawatenga ababa poganiza kuti madziwo awathandiza nyamakazi. Ukudziwanso kuti kumeneko ndi kumene ankapita ndi malemu amayi atangokwatirana, nkhani ankaikamba mpaka kutitopetsa ija.

Minibasi inatisiya pothera msewu. Wotilondolera njira anali a Wyson, bambo a m'mudzi wapafupi, odziwa mwala uliwonse. Anatichenjeza kuti miyala yobiriwira imaterera, komanso kuti pamene madzi akutumphukira pasayandikire munthu. Anaviikapo mazira, ndipo tisanamalize nyimbo zitatu anali atapsa. Ababa anakhazika miyendo m'dziwe lakumunsi, la madzi ofunda chabe, n'kumaseka ngati mwana. Mtima wanga unakhala pansi, ndinati ulendo uno sindinalakwitse.

Chakudza sichiimba ng'oma, mlongo wanga. Njira yochoka pakasupe kupita kumathithi imadutsa padooko losambira akazi, kuseri kwa bango. Titayandikira, ababa anavula chipewa, natembenuka kulozetsa msana kumadzi, n'kukuwa kuti, "Kumadziko! Tidutse?" Anthu anaseka, ena n'kuwayamikira ababawo kuti a Ezekiele ndiwo akusungabe mwambo. Inenso ndinaseka nawo.

Azimayi awiri anakasuzumira, anapeza kulibe munthu. A Wyson anawauza ababa mwaulemu kuti njira ili bwino. Ababa anakana. Anati aNangozo atsogola ndi ndowa kukasamba, sakumva chifukwa cha mkokomo wa mathithi, ndipo mwamuna wolongosoka sadutsa asanayankhidwe.

ANangozo, Lonjezo! Amayi athu omwe tinawaika m'manda zaka zitatu zapitazo!

Ababa ndinawagwira dzanja, anandikankha. A Wyson atayesa kutsogola kuti awaonetse, ababa anawalalatira kuti akufuna kuonera mkazi wamwini. Kuseka konse kunatha. Amuna enawo anachita manyazi kudutsa, anangokhala pamiyala atazolika. Ababa anaima padzuwa la Okutobala pafupifupi ola lathunthu, thukuta lili kamukamu, akuitana mobwerezabwereza mpaka mawu anasasa. Ndinachita mantha kuti agwa.

Apa ndiye pali tchimo langa. Ndinazemba, ndinazungulira kuseri kwa bango, ndinakhala pamwala. Ataitananso, ndinayankha mokoka mawu monga ankachitira amayi: "Dutsani, a bambo a Yunike, tavala." Kenaka ndinadzitseka pakamwa ndi chitenje kuti asandimve kulira.

Akuti ababa anaseka, navala chipewa chawo, n'kunena kuti aNangozo akalowa m'madzi amaiwala kuti kunyumba kuli ntchito. Anadutsa nkhope atalozetsa kumbali. Kumathithi anali wosangalala kuposa tonse, akuloza mwala umene ankakhalapo ndi amayi. Ine mathithiwo sindinawaone bwino. Ndinangoima pamene madzi amawazira kuti anthu asadziwe chimene chanyowetsa nkhope yanga.

Mu minibasi anafunsa chifukwa chake tikuwasiya amayi. Ndinati atsogola ndi galimoto ina. Tafika kunyumba ndinati atsikira kwa azakhali. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse amatulutsa mipando iwiri pakhonde, n'kufunsa ngati abwera lero. Ndatopa ndi kunama, koma kuwauza zoona ndiye kuti alire maliro kachiwiri. Tandiuza iwe wophunzira, ndichite chiti?

Ndiulule zonse. Izi sizinayambe Loweruka. Zinayamba nthawi yokolola, pamene anasochera pochokera kumsika, njira yomwe aiyenda zaka makumi asanu. Kuchipatala anati ndi matenda oiwala a ukalamba, ndipo sabwerera m'mbuyo. Ndinakubisira, ndinabisiranso mudzi wonse. Ukudziwa zimene anthu amanena nkhalamba ikayamba kuyankhula ndi akufa. Tsopano kwaya yonse inaona, ndipo Lamulungu kutchalitchi ana ena anawathawa. Zinandiwawa kwambiri.

Ndikhululukire pokubisira, koma nawenso usadziyeretse. Chithereni maliro a amayi wabwera kamodzi kokha, ndipo unangogona masiku awiri ngati mlendo. Mutu umodzi susenza denga, Lonjezo. Ine ndili ndi banja, dimba, ndiye n'kumalondanso ababa kuti asatulukire kumsewu.

Dzulo ndinawaonetsa chithunzi chako pafoni. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati ameneyu ndi mbusa watsopano. Nditawauza kuti ndi Lonjezo, anapukusa mutu. Anati Lonjezo ndi wamng'ono, wapita kusukulu, ndimusungire mbatata adzadye akaweruka. Ndinaisungadi m'mbale, chifukwa anaima pomwepo kuonetsetsa kuti ndavundikira.

Nkhope yako yawathawa, koma dzina lako akadali nalo. Sindikudziwa kuti alisunga mpaka liti. Usanditumizire shuga kapena sopo m'malo mwako, sindilandira. Pempha tchuthi kuntchito, ubwere wekha mvula isanawononge misewu yathu. Udzakhale nawo pakhonde, udzawagwire dzanja, adzamve mawu ako pafupi. Amayi ndinawayankhira chifukwa sangathenso kuyankha okha. Iwe uli moyo, ndipo akadzakuitana ine sindidzakuyankhira.

Upereke moni kwa alamu, kwa Tadala ndi mng'ono wake. Alamu ako a Lameki akuti moni, ndipo akuti akakuchingamira pa Zalewa ukangonena tsiku. Mulungu akusunge, akuyendetse bwino panjira.

Ndine mlongo wako,
Yunike