Zikhomo Zayandikira Manda Anu

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumene munapitako? Kuno tilipo. Mlongo wanga Abiti wachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mpunga wa kudambo unacha bwino, kungoti mbalame zinatidyera mbali ya kumadzulo.

Koma sindinakhalire pansi kuti ndinene za mpunga. Njanji yopita kumalire, ku Entre Lagos, yafika kwathu, ndipo ine anandiika ukapitawo wa anthu okumba dothi lokwezera njira yake. Mzungu woyeza malo anasankha mtunda wa katondo uja, umene uli kuseri kwa manda athu, nakhoma zikhomo patali ndi inu. Amalume atandifunsa ngati dzenje silidzafika kumanda, ndinati silingafike. Ndinkaona milu ya dothi ikukula kuposa maenje amene tachotsamo, mtima wanga n'kukhala pansi.

Dothi ndi lonyenga, Amayi. Likakhala pansi limakhala lothinana. Ukalikumba limafufuma, dzenje laling'ono n'kudzaza lole. Ukakalithira panjira n'kulitsindira, limabwerera, mpaka kuchepa kuposa mmene linalili m'dzenje. Inu munkadziwa zimenezi pa ufa. Pamsika munkagwedeza mbale musanalandire, n'kumati, "Mbale yosagwedeza imadzaza ndi mphepo." Ine ndinkachita manyazi mukamatero pamaso pa anthu. Ngakhale mtumbira wanu unatiuza: tinauunjika kufika m'mawondo, mvula itabwera unatsika.

Tsopano dothi laperewera, njira isanafike ndi pamlatho pomwe. Ndinapempha kuti tikatenge la kudambo. Tinayesa. Makande onyowa amalemera koopsa: lole imene imanyamula katondo wouma yodzaza, itanyamula makande theka lokha inatitimira mpaka m'mimba. Amayi osenza madengu anabwerera makosi atauma, ndipo dothilo silitsindirika, limangoterera. Mzungu sanakalipe. Anangozula zikhomo zake n'kuzisuntha. Chimodzi chili pansi pa mtengo wa mthethe umene umakupatsani mthunzi.

Amalume sakundilankhula. Anyamata a m'gulu langa akuti sakumba kumeneko, ndipo asipayi, apolisi a boma aja, afika kale ndi mbalamatodya zawo zomenyera anthu m'manja. Ndikawakakamiza, ndakukumbani ndine. Ndikawaleka, manja awo atupa chifukwa cha mayi wanga.

Mawa ndipita kwa mzunguyo kukamusonyeza mtunda wina, kutsidya kwa mtsinje. Ndi kutali, lole zidzachedwa, ndipo sindikhulupirira kuti avomera. Akakana, musadzidzimuke mukamva makasu pamwamba panu. Tidzakhala ife, ana anu, tili ndi nsalu yatsopano yoti tikukulungeni nayo. Ndapeza kale malo pafupi ndi Atate, kumene njanji siyang'anako.

Munkadana ndi kudzutsidwa musanathe tulo, ndikudziwa. Mundikhululukire. Fosholo ya boma sidzakukhudzani, ndidzakunyamulani ndekha.

Ine mwana wanu wokukondani,
Saidi