Kampando ka Amayi

Chelstone, Lusaka
24 Seputembala 2024

Okondedwa alongo anga Ba Emmy,

Mwafunsa za bondo langa. Lilipo, ndipo likukupatsani moni. Dokotala akuti chicherewecherewe cha m'kati chatha ngati tayala la minibasi ya ku Chilenje, moti fupa likukhuzana ndi fupa linzake. Nyamakazi, ine Abson, amene ndinkathamanga ndi mpira ku Kabwata mpaka fumbi kundipempha chifundo!

Mankhwala sindikusowa, poti mpingo wonse wasanduka madokotala. Mlamu wanu Malama amandithirira chikasu mu tiyi. Ba Hector, adikoni, anandibweretsera mapilisi a mafupa a ku Cairo Road, ati anachiritsa apongozi awo. Anangoiwala kutchula kuti apongoziwo amachita kunyamulidwa. Amene akundithandiza ndi Chantelle, wowongola mafupa ku Woodlands. Amandikwezetsa mwendo kakhumi, amandinyoza mimba, kenako amandilowetsa m'dziwe la madzi ofunda.

M'madzimo, alongo, ndilibe kulemera, ndilibe zaka. Ndimayandama ndikuyang'ana maluwa a jakaranda akugwa pa zenera, ndipo tchalitchi chathu cha ku Kabwata chimabwera chokha m'maganizo: mabeseni oyera ali pamzere, Atate tsitsi likadali lakuda, ine nditangobatizidwa kumene, ndikugwada kuwasambitsa mapazi tisanadye Mgonero. Bondo lili zii, ngati la mwini.

Tsopano ndiulule. Mwezi wa Juni, pamene ndinajomba ku Mgonero, sindinadwale chimfine monga ndinakuuzani. Ndinaopa kugwada pamaso pa amuna anzanga n'kulephera kudzuka. Zaka makumi anayi ndinali ndisanaphonyepo mwambowu. Tsikulo Atate anakhala ndi beseni lawo, nakana aliyense wofuna kuwasambitsa, ati mwana wanga ali m'njira. Madzi anazizira.

Mgonero wina ndi Sabata likubwerali. Ndakhala ndikuphunzira kugwada m'dziwe, ndipo m'menemo ndine katswiri. Nditayesa pabalaza, Malama anachita kuitana aneba kudzandidzutsa. Chantelle anati, “Ba Abson, mukagwada pa simenti, osabwela kulila kuno.”

Dzulo ndinapita kwa Atate kukapepesa, nditakonza mfundo ngati za ku yunivesite. Anandimvetsera mpaka kumapeto, nandipatsa Baibulo lawo.

“Werenga Yohane 13, iwe wamadigiri.”

Ndinawerenga.

“Anavula malaya, anamanga thaulo, anathira madzi. Nanga pamene anagwada ndi pati?”

Ndinafufuza kawiri. Palibe.

“Ndafuna manja ako, osati maondo,” anatero, akuloza kuseri kwa chitseko. Kunali kampando kaja Amayi ankakhalira posenda mbatata. Ndinakanyamula mu minibasi mpaka kuno, ndili nako pamiyendo ngati khanda.

Choncho Sabata ndikhala pa kampando pakati pa amuna ogwada, ndipo woseka aseke. Munditumizireko thaulo lofewa la kwanu ku Leeds, ngakhale lifike mochedwa. Mapazi a Atate atupa masiku ano, khungu lapyapyala, ndipo adokotala awo asiya kusintha mankhwala.

Moni kwa alamu ndi ana. Malama akuti musaiwale chipewa chake. Atate akupatsani moni wambiri. Ndinawauza kuti mubwera Disembala, anamwetulira, nati Disembala ndi kutali. Jakaranda amakhalapobe mu Okutobala, alongo. Bwerani mudzamuone.

Ine mlongo wanu wa bondo limodzi ndi theka,
Abson